Kupalasa m'misewu yafumbi ya Mchinji ndi Kasungu: yambani mwalidziwa dothi

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa pa Mchinji boma. Akuti: "Chaka chatha ndinagula njinga ya kaunjika ku Lilongwe, ya mahendulo opindikira pansi koma matayala ake onenepako, imene ogulitsa anati ndi ya gravel. Ndimafuna ndizipalasa Loweruka m'mapiri ndi m'nkhalango zathuzi, ndipo tsiku lina ndidzafike ku Kasungu osadzera pa phula. Ulendo woyamba ndinatsata njira imene foni inandionetsa. Ndinaponcha kawiri, ndinakankha njinga mumchenga mtunda wautali, n'kufika kunyumba kutada. Kodi ndidzere kuti, mwezi uti, ndipo nditenge chiyani? Nanga mu paki ya Kasungu munthu n'kulowamo pa njinga?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani ndi ulendo woyambawo. Ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima: njinga yanu ilibe mlandu, miyendo yanunso ilibe mlandu. Chimene chinakukankhitsani njinga tsiku lija ndi chakuti munafunsa njira kwa foni. Foni imaona mzere wochoka apa kufika apo, n'kuwerenga makilomita, koma siidziwa ngati mzerewo wadutsa pa katondo, pa mchenga kapena pa dambo. Kuno kwathu msewu umodzi womwewo umasintha katatu pa chaka, ndipo amene amadziwa mmene walili sabata ino ndi anthu amene amauponda tsiku ndi tsiku, akabaza, onyamula matumba a chimanga ndi mtedza, ndi amayi opita kuchigayo. Ine ndapalasa m'maboma awiriwa zaka zambiri, ndakonza njinga zambirimbiri, koma mpaka lero ndikafika pa mphambano yachilendo ndimatsika n'kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ndiye nkhani yaikulu ndi dothi, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa zina zonse zikutsamira pamenepa.

Katondo, dothi lofiira lija, ndiye bwenzi la wapanjinga m'chilimwe. Akauma amalimba ngati simenti, tayala limangoyenda lokha, ndipo mukhoza kuthamanga pafupifupi ngati muli pa phula. Koma mvula ikangowaza pang'ono, pamwamba pake pamaterera ngati therere, tayala lakutsogolo limathawa musanazindikire. Mchenga uli ndi khalidwe lotembenuza: m'chilimwe umamasuka n'kumeza tayala, koma mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake umagwirana bwino moti msewu umene unakulizani mu Okutobala mukhoza kuudutsa mukuimba mu Januwale. Wachitatu ndi makande a m'madambo, dothi lakuda lomata. Ameneyu mvula ikagwa alibe chifundo. Amamata pa tayala, n'kumata pa amene wamata kaleyo, mpaka gudumu limakana kuzungulira. Akauma amang'aluka, ndipo mapazi a ng'ombe amene anaponda ali onyowa amasanduka timaenje tolimba togwedeza mano.

Tsono mukafika pa msewu wafumbi, musayang'ane pakati pamene pamadutsa galimoto. Yang'anani m'mphepete. Mudzaona kanjira kosalala, kopapatiza ngati zikhatho ziwiri, konyezimira pang'ono dzuwa likapendeka. Nthawi zina kali kumanja, kenako kamadumphira kumanzere popanda chifukwa chooneka, nthawi zina kamatuluka mumsewu n'kukazungulira kuseri kwa mtengo wa mango kapena m'mbali mwa munda. Kanjira kameneko anakasalaza ndi matayala a njinga mazanamazana, ndipo sikadumpha pachabe. Pamene kathawira kumanzere, dziwani kuti kumanjako kuli mchenga wakuya kapena ngalande imene madzi anakumba. Munthu wonyamula matumba awiri a chimanga pa kaliyala sangasewere ndi mphamvu zake, amasankha polimba pokhapokha. Inu katsateni kanjirako, ndipo mukakumana ndi wonyamula katundu, m'patukireni ndinu, chifukwa iye akaima pamchenga ndi katundu wotere kuyambanso n'kovuta.

Mchenga ukakhala kuti palibe pothawira, pali kapalasidwe kake. Tsitsani giya musanalowemo, osati muli kale m'kati. Khalani chakumbuyo pa chishalo kuti tayala lakutsogolo lipepuke, manja agwire mahendulo momasuka, maso ayang'ane patsogolo pamene mchenga wathera. Njinga idzayamba kuyenda njokanjoka, isiyeni, musalimbane nayo, inu muzingopalasa mosalekeza. Mukagwira buleki yakutsogolo kapena kukhota mwadzidzidzi, mwagwa. Ndipo ngati mchengawo ndi wautali kuposa bwalo la mpira, kutsika n'kukankha si manyazi, n'kusunga mphamvu za chitunda chimene chikubwera.

Palinso timizere tija tangati malata timene timabadwa pa misewu yodutsa malole. Kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, nthawi yogulitsa fodya ndi mbewu, misewu ikuluikulu yafumbi yopita m'maesiteti imadzaza ndi timizere timeneti, ndipo fumbi la lole imodzi limakutsekani maso kwa kanthawi ndithu. N'chifukwa chake ine ndimakonda misewu ing'onoing'ono ya ngolo kusiyana ndi msewu waukulu wafumbi, ngakhale ikhale yozungulira.

Za mwezi, yankho n'losavuta. Nyengo yabwino kwambiri ndi kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Julayi. Mvula yatha, dothi likadali logwirana, mitsinje ing'onoing'ono yaphwera, udzu sunapse, ndipo kunja n'kozizira. Ingokumbukirani kuti mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo m'mawa kumadambo kumazizira mpaka zala kukanika kugwira buleki. Miyezi imeneyi kumakhalanso mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo mwanzeru n'kuyamba ulendo molimbana nayo kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani kumsana. Ogasiti ndi Seputembala mchenga umayamba kuchuluka ndipo tchire limakhala likupsa, koma ndi nthawi imene mitengo ya m'nkhalango imaphukira masamba ofiira ndi akapezi, phiri lonse n'kuoneka ngati layaka. Amene sanaonepo zimenezi ali pa njinga m'mawa sanaione Mchinji. Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, nyamukani kukungocha ndipo pofika 10 koloko mukhale mwabwerera. Dzinja ndiye lofuna kusankha: misewu yamchenga imakoma, ya katondo imafuna tsiku limodzi ladzuwa kuti iume, madambo asiyeni.

Za madambo a m'dzinja ndikunena zimene zinandionekera. Chaka china mu Febuluwale ndinafuna kudula njira podutsa dambo lina, poti tsidya linalo ndimaliona ndi maso. Ndisanafike pakati, matope anali atadzaza pakati pa tayala ndi felemu, ine n'kumakakamirabe kupalasa. Ndinangomva kuti thyo! kumbuyo. Kachitsulo kamene kamagwira chosinthira magiya kanali katathyoka, chosinthiracho chitalowa m'masipoko. Ndinasenza njinga paphewa mpaka pamudzi wina pamene ndinapeza mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo. Anayang'ana, sanalankhule zambiri. Anatenga msomali ndi nati, anagoneka tcheni pa natiyo, n'kugogoda kapini mpaka kanatuluka, anadula tcheni n'kuilumikiza pa giya imodzi yapakati. Ndinafika kunyumba ndi giya imodziyo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kachitsulo kapadera m'thumba, ndipo ndikangomva gudumu likulemera ndi matope ndimaima n'kukokota ndi kamtengo. Walira mvula walira matope, koma matope a dambo amadula ndalama.

Tsopano njira. Inu muli ndi mwayi, chifukwa Mchinji boma ili m'tsinde mwa mapiri. Boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mapiri a m'malire ndi Zambia amakwera kupitirira mamita 1,500. Ndiye kuti mukaloza kumapiri mupeza zitunda, miyala ndi mitengo, mukaloza kum'mawa mupeza chidikha, minda ya mtedza, soya ndi fodya, ndi madambo amene madzi ake amathera mu Bua ndi Rusa. Musayambe ndi mapiri. Masabata atatu kapena anayi oyamba zungulirani kuchidikha, makilomita 20 kapena 30 basi, kuti muphunzire dothi ndiponso kuti thupi lizolowere chishalo. Misewu yopita ku mishoni monga Ludzi ndi Guilleme ndi yabwino poyambira: anthu amaidziwa, mukasochera aliyense akulozerani, m'njira muli mijigo ndi timagolosale, ndipo kumeneko kuli zipatala. Pitani njira ina, mubwerere ina. Msewu wa M12, waukulu wa phula wochokera ku Lilongwe uja, ugwiritseni ntchito ngati chingwe chogwirira, kuti zikavuta mudziwe mbali imene kuli phula ndi maminibasi, koma musamapalase pamenepo mtunda wautali, poti malole opita ku Mwami ndi ku Chipata sapereka mpata. Njanji nayonso ndi chizindikiro chabwino chodziwira kumene muli, koma poidumpha tsikani kapena idutseni mopingasa bwinobwino, chifukwa chitsulo chake chimakola tayala.

Mukazolowera, lozani ku Kachebere. Seminale imene ili kumeneko anaikhazikitsa ansembe a White Fathers mu 1939, ndipo ili m'tsinde mwa phiri, m'malire mwenimweni. Ulendo umenewu ndimaukonda chifukwa umaphunzitsa chitunda popanda kukuzunzani, ndipo mukatembenuka kuyang'ana kumbuyo mumaona chidikha chonse chitayalika. Ndi malo a maphunziro ndi mapemphero, choncho mukafika pachipata tsikani, perekani moni, pemphani ngati mukufuna kupuma kapena kutunga madzi. Pa chitunda chamiyala khalani pansi pa chishalo, musaimirire, chifukwa mukaimirira tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kupala miyala pachabe. Potsika ndi pamene anthu ambiri amavulalira. Gwirani mahendulo kumunsi kopindikako kuti zala zifike bwino pa mabuleki, chepetsani liwiro musanafike pokhota, ndipo samalani ngalande zodula msewu zimene madzi a mvula amasiya, poti zimaoneka mutafika kale.

Njira yachitatu, imene ndikuganiza kuti ndi imene mtima wanu ukufuna, ndi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Mchinji, kulowera chakwa Mkanda. Apa ndiyankhule mosabisa. Nkhalango imeneyi ndi yotetezedwa ndi boma, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 limapereka mphamvu kwa a Forestry pa zochitika m'kati mwake. Musanalowe, pitani ku ofesi yawo pa boma pomwepo, fotokozani kuti ndinu ndani ndipo mukufuna kudutsa pati. Kuwonjezera pa kulemekeza lamulo, iwo ndi amene angakuuzeni kumene kwapsa, kumene mlatho wagwa, ndi kumene si bwino kupita nokha. M'nkhalango zathu muli anthu ootcha makala ndi ocheka matabwa mobisa, ndipo munthu wachilendo wovala chipewa cha njinga, foni ili m'manja, akhoza kuoneka ngati kazitape. Mukawapeza, moni basi, musajambule, pitirirani. Zimandiwawa kunena kuti malo ena amene ndinkadutsa mumthunzi wa mitengo ya tsamba, mombo ndi masuku lero ndi zitsa zokhazokha, ndipo zitsa zimenezi zikabisala muudzu zimakola pedulo n'kukugwetsani. Koma mbali zimene mitengo ikadalipo, ulendo wake ndi wosaiwalika: kamphepo kozizira, masamba ouma akulira pansi pa tayala, timitsinje tamadzi oyera, ndipo chakumapeto kwa chaka fungo la masuku akupsa.

Zinthu ziwiri za m'dera limenelo. Choyamba ndi malire. M'midzi ya m'malire njira sizisonyeza kuti apa ndi Malawi apa ndi Zambia, anthu ake ndi amodzi, chinenero n'chimodzi, ndipo mukhoza kupalasa ola lathunthu muli dziko la eni osadziwa. Foni ikakulandirani ndi uthenga wa netiweki ya ku Zambia, imani mufunse, ndipo chiphaso chanu cha unzika chizikhala m'thumba nthawi zonse. Chachiwiri ndi chitedze. M'miyezi youma, m'tinjira topapatiza ta m'mbali mwa mitsinje, mukangokhudza ndi mkono ulendo wonse wasanduka wokanda. Malaya a manja aatali amathandiza.

Tibwere pa kuponcha kwanu kuja. Ndikukayikira kuti mwina munapopa matayala mpaka kulimba ngati mwala, monga timachitira ndi njinga zonyamula katundu, kapena munawasiya ofewa kwambiri moti limu inaluma chubu pa mwala. Mukatulutsa chubu yang'anani: kabowo kamodzi ndi minga, timabowo tiwiri toyandikana ngati kuluma kwa njoka ndi limu. Kwa munthu wa thupi lapakati, pa tayala la mamilimita 40 mpaka 45, mpweya wa pakati pa 35 ndi 45 psi (muyeso wa pa choyezera mpweya wa m'tayala) ndi wokwanira, lakutsogolo lofewerapo pang'ono. Ngati mulibe choyezera, dinani ndi chala chachikulu, lizilola pang'ono. Ngati felemu ikulola tayala lonenepa, ikani lonenepalo, musaumire, chifukwa mumchenga mamilimita asanu aliwonse amamveka. Ndipo musanabwezere chubu, yendetsani chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala lonse. Ambiri amaponcha kachiwiri ndi munga womwe uja wa mthethe umene unatsala m'tayala. Matayala opanda chubu othira mankhwala omata okha ndi abwino kwambiri paminga, koma mankhwalawo amauma msanga kukatentha ndipo sapezeka pa Kamwendo kapena pa Kapiri, choncho ngakhale mutawaika, chubu chapadera chisasowe.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sanakuuzeni. Njinga yanu mwachidziwikire ili ndi magudumu a 700c, amene limu yake ndi ya mamilimita 622. Njinga zakuda za kumudzi zimene timati za 28 zili ndi limu ya mamilimita 635. Ndiye kuti tayala la pa golosale ya kumudzi silingagwire pa limu yanu ngakhale likuoneka lofanana. Chubu chake chikhoza kukupulumutsani pangozi, koma valavu yake ndi yonenepa, ndipo ngati limu yanu ili ndi kabowo kakang'ono ka valavu yopyapyala ija, sichilowa. Pampu ya wokonza njinga wa pansi pa mtengo nayonso nthawi zina siigwira pa valavu yopyapyalayo. Choncho pampu yanu, machubu awiri anu, zigamba ndi guluu wosauma, zotsegulira tayala, masipanala a allen, kolumikizira tcheni, ndi kachidutswa ka tayala lakale kotsekera pamene pang'ambika, zonsezi muziyenda nazo. Onjezani malegeni awiri. Palibe chimene malegeni sangamange. Za magiya, onani ngati giya yanu yopepuka kwambiri ili ndi mano akumbuyo ofanana kapena oposa akutsogolo, monga 34 kwa 34. Ikapanda kutero, zitunda za kumapiri mudzazikwera wapansi. Tcheni musamaithire oyilo wakuda wa galimoto wambiri, amaitana fumbi n'kusanduka msasa wodya mano a giya. Timadontho tochepa, kenako pukutani ndi kansalu.

Powerengera nthawi, iwalani liwiro la pa phula. Pa dothi labwino munthu wozolowera amayenda makilomita 15 mpaka 18 pa ola, kumapiri ndi kumchenga amatsika kufika 10 kapena kucheperapo, ndipo pamenepo simunawerengere kufunsa njira, kumata chubu ndi kupereka moni. Ulendo wa makilomita 50 muupatse maola asanu, ndipo muziuza a kunyumba njira imene mwadzera. Madzi, malita awiri ndi poyambira. Madzi a pa mjigo ndimamwa, a pachitsime chosatseka kapena mumtsinje ndimathira kaye mankhwala. Tsiku lotentha sungunulani Thanzi ORS m'botolo limodzi, kapena pa lita imodzi ya madzi thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Chakudya chili m'njira momwemo, nthochi, mbatata yootcha, mtedza, zitumbuwa, thobwa, ndipo mudye musanamve njala, chifukwa njala ya pa njinga ikafika miyendo imangoti zii, osachenjeza. Muziyenda ndi ndalama zing'onozing'ono.

Za ulendo wa ku Kasungu, n'zotheka ndithu, koma muupatse masiku awiri ndipo muuchite pakati pa Meyi ndi Julayi, mutayamba mwakwanitsa maulendo angapo a makilomita 60 osavutika m'mawa mwake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Msewu wa phula wochoka pa Kamwendo kudzera ku Kapiri ndi Santhe ukhale chingwe chanu, inu muzidzera m'misewu ya m'midzi ndi ya m'maesiteti imene ili m'mbali mwake, n'kumatulukira pa phula pofuna chakudya, pogona, ndi powoloka mitsinje ikuluikulu, chifukwa milatho yodalirika ili pamenepo. Pa malo aliwonse amalonda pitani pamene pamaima akabaza, mufunse funso lolunjika. Musati "njira ya ku Kasungu ndi iti", adzakulozerani phula. Nenani kuti, "Achimwene, inu mukanyamula munthu kupita mudzi wakutiwakuti mumadzera kuti, nanga mchenga uli pati?" Misewu ya m'maesiteti ndi ya eni ake, pachipata pemphani. Mudzaona kuti mukamayandikira Kasungu dziko limayalika ndipo mchenga umachuluka, kotero kuti amene akufuna zitunda ndi mitengo amayenera kupitirira kumpoto, cha ku Nkhamenya ndi kunkhalango ya Chimaliro. Kum'mawa kwa tawuni, cha ku Mtunthama kumene kuli Kamuzu Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981, ndi cha ku Wimbe ndi Chamama, kuli misewu yafumbi yambiri yolukanalukana yoti munthu n'kuthamo sabata.

Paki ya Kasungu ndiye ayi, musalowemo nokha pa njinga, ndipo pano sindikunyengererani. Ndi nkhalango yaikulu, ya masikweya kilomita opitirira 2,300, yachiwiri kukula mwa mapaki a dziko lino, ndipo mu 2022 anasamutsiramo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Muli njati, mvuu ku damu la Lifupa, afisi ndi akambuku. Njinga siimveka ikamabwera, choncho mumatulukira pa nyama mwadzidzidzi, ndipo njovu ya mwana ikadzidzimuka imathamanga kuposa mmene inu mungapalasire pamchenga. Mulinso kashembe, ntchentche zoluma zimene zimakopeka ndi chinthu choyenda komanso zovala zakuda ndi zabuluu, ndipo zina zimafalitsa matenda a kaodzera. Mukalumidwa m'dera limenelo n'kuyamba kutentha thupi patapita masiku, muwauze achipatala kumene munali, asangoyeza malungo okha. Ngati mtima uli pa paki, pitani pa galimoto, kalankhuleni ndi akuluakulu a pakiyo, ndipo chilichonse chimene angalole chichitike muli ndi msilikali wa zanyama. Ngakhale kunja kwa mpanda, m'midzi yoyandikana ndi paki, njovu zimatuluka kukadya m'minda ndipo anthu ataya miyoyo. Kumeneko musapalase m'bandakucha kapena madzulo, ndipo mukaona ndowe zaziwisi ndi nthambi zothyoka pamsewu, bwererani.

Sindingamalize osanena za anthu, chifukwa misewu imeneyi imadutsa pakhomo pa eni ake. Mukaona masamba kapena nthambi zitayalidwa mopingasa msewu, pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mwakachetechete mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Inu monga mphunzitsi mukudziwa kale izi, koma liwiro la pa mtsetse limaiwalitsa, ndipo ndaonapo achinyamata ochokera m'tawuni akudutsa pa siwa ali chiweramire pa mahendulo, mudzi wonse n'kukhumudwa. Kamsitu kowirira kamene katsala pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa kukhoza kukhala dambwe. Musalowemo pofuna mthunzi kapena kudzithandiza. Mukakumana ndi gule panjira, makamaka miyezi yokolola itatha, patukani, tsikani, musatulutse foni, ndipo ngati muli ndi kandalama ponyani pansi mwaulemu. Podutsa pakati pa nyumba chepetsani liwiro chifukwa cha ana, mbuzi ndi nkhuku. Nkhuku mukaiponda, imani, mufunefune mwini wake. Agalu akakuthamangitsani ndipo mukuona kuti simuwasiya, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iwo, ambiri amabwerera okha. Galu akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Chipewa cholimba cha njinga muzivala ngakhale anzanu aseke, ndipo kanyali kakang'ono kakutsogolo ndi kofiira kakumbuyo kazikhala m'chikwama ngakhale mukuti mubwerera masana.

Loweruka likubwerali chitani chonchi, aphunzitsi. Lachisanu madzulo pitani pa siteji ya akabaza pa boma, mupeze mmodzi wachikulire amene amapalasa njinga yakapalasa, osati yamoto, mugwirizane naye mtengo wa theka la tsiku. M'mawa iye akhale patsogolo, inu pambuyo pake mikono isanu, foni ikhale m'thumba ikungolemba njira. Muziyang'ana pamene akuika tayala lake, pamene akusiya kupalasa, pamene akudumphira mbali ina ya msewu, ndipo mukaima pa mjigo mumufunse chifukwa chake. Mukabwerako lembani m'kope dzina la mudzi uliwonse, mtundu wa dothi, pamene pali madzi ndi pamene pali wokonza njinga, ndi tsiku lake. Mudzabwerezenso njira yomweyo mu Okutobala ndi mu Januwale, n'kulemba pa tsamba lomwelo.